Kusankha kagalu kokusa nkhosa: zolemba za ntchito ya gulu lathu ku Ruwa

Gulu lathu ndi la mabanja a ku Mabvuku ndi ku Tafara, ku Harare m'dziko la Zimbabwe, amene timaweta nkhosa pamodzi pa puloti ina cha ku Ruwa, kufupi ndi msewu wa ku Mutare. Nkhosa zilipo 54, pafupifupi zonse za mtundu wa Dorper, ndipo oweta ndi bambo mmodzi. Kuzikusa kudambo madzulo ndi kuzipatula pa tsiku la mankhwala ndiye ntchito imene ikufuna galu. Zolembazi zikutsata msinkhu wa ana agalu amene tinkasankhamo, poti pa nkhani iyi chilichonse chimawerengedwa kuchokera tsiku lobadwa.

Pakati pa Meyi, ana asanabadwe

Choyamba chinali kumvana za mtundu wa galu. Ena m'gulu ankaganiza kuti galu mmodzi yemweyo azikusa nkhosa masana n'kumalondera akuba ndi nkhandwe usiku. Sizitheka. Galu wolondera, monga Anatolian amene bungwe la Cheetah Conservation Fund lakhala likupereka kwa alimi a ku Namibia kuyambira mu 1994, amakulira m'khola momwemo ndipo nkhosa sizimuopa. Wokusa ayenera kuopedwa pang'ono kuti nkhosa zizisuntha, ndipo akaweruka amatsekeredwa kutali nazo. Mukamusiya m'khola usiku adzazizunguza mpaka mbandakucha. Ife tikufuna wokusa, ndiye tagwirizana za Border Collie. Za akuba zikhala za loko ndi waya.

Tapeza alimi ena cha ku Marondera amene galu wawo wamkazi ali ndi bere. Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63, choncho ana akuyembekezeka kumapeto kwa Juni. Nthawi yake yatikomera: katemera womaliza adzabayidwa mu Okutobala, mvula isanagwe ndiponso nkhupakupa zisanachuluke, ndipo maphunziro a nkhosa adzayamba cha mu Epulo, kutentha kutachepa.

Kumapeto kwa Meyi: kukaona makolo ali pa ntchito

Ulendo uwu ndi umene unanyamula ntchito yonse. Kagalu ka masabata 7 sikangakuuzeni ngati kadzakusa nkhosa, ngakhale mukayang'anitsitse tsiku lathunthu. Chimene maso angathe kuweruza ndi make ndi bambo wake. Mtundu umenewu unaumbidwa ndi ntchito kuyambira kale: mpikisano wodziwika wa agalu okusa unachitikira ku Bala, ku Wales, mu 1873, ndipo Old Hemp, galu wa Adam Telfer wa ku Northumberland amene Border Collie ambiri a lero ndi zidzukulu zake, anabadwa mu 1893. Kaundula wa agalu a ntchitowa amasungidwa ndi International Sheep Dog Society, bungwe la mu 1906. Agalu amene tapezawa alibe mapepala a bungweli. Sitinadandaule nazo, koma zikutanthauza kuti umboni wonse unayenera kuonekera pabwalo.

Tinapempha chinthu chimene ogula ambiri sapempha: agaluwo agwire nkhosa zachilendo. Nkhosa zozolowera galu zimathamangira zokha kwa mwini wake zikangoona galu wanyamuka, moti ngakhale galu waulesi amaoneka katswiri. Eni agalu anabwereka nkhosa 10 kwa oyandikana nawo, tinaziika pa mtunda wa mamita 150, woyeza ndi mapazi.

Galu akatumidwa asalunjike pakati pa nkhosa. Atuluke cham'mbali, azikulitsa njira pamene akuyandikira, akafike kuseri kwa nkhosazo osazidzidzimutsa. Akafika aime moyang'anizana ndi mwini wake, nkhosa zili pakati pawo. Munthu akasuntha, galu nayenso asunthe yekha osauzidwa, kuti mzerewo ukhalebe woongoka. Ichi galu amabadwa nacho, ndipo kuchiphunzitsa kwa wosabadwa nacho n'kutaya chaka. Kenako azinyamule mofatsa, zibwere zikuyenda, osati zili pa liwiro.

Wamkazi, wa zaka 4, wakuda ndi woyera, wa ubweya waufupi, anachita zonsezi mwakachetechete. Tinamuyesa kamodzi kokha chifukwa cha berelo. Chofooka chake ndi diso lamphamvu kwambiri. Nkhosa ina itaima n'kumuyang'ana, iye anagona pansi n'kumayang'anizana nayo, mpaka eni ake anachita kumuitana kawiri kuti adzuke. Galu wa diso lopitirira muyeso amamatirira pansi, nkhosa nazo zimangoima.

Wamphongo, wa zaka 6, wa ubweya wautali, amagwira ntchito chilili ndipo diso lake ndi lapakati. Nkhosa ina ya mwana inamutembenukira n'kuponda pansi ndi mwendo. Iye anayenda molunjika pamphuno pake, phazi limodzi limodzi, mpaka inatembenuka yokha, osaluma ngakhale ubweya. Apa ndi pamene tinakhutira. Dorper yaikazi imatha kupitirira makilogalamu 60, ndipo ikazindikira kuti galu ndi wamantha, khola lonse limaphunzira tsiku lomwelo. Atagwira ntchito mphindi 15 dzuwa lili paliwombo, anamwa madzi ndipo wefuwefu wake anatha pasanapite mphindi 10. Agalu awa kwawo ndi ku mapiri ozizira a m'malire a Scotland ndi England, ndiye wosapirira kutentha sangatithandize mu Okutobala wa ku Harare.

Tinaonanso mwana wa makolo omwewa wa bere loyamba, wa zaka ziwiri, akukusa nkhosa pa famu ina yapafupi. Anatengera kayendedwe ka bambo wake. Tinafunsa za khunyu m'banjamo, akuti sanaonepo. Chiuno cha makolo onse awiri sichinajambulidwepo, ndipo apa talemba kuti ndi mpata umene watsala osatsekedwa, ngakhale onse amadumpha mpanda ndi kudzuka pansi popanda kutsimphina. Palibe wa mawanga otuwa aja amati merle. Agalu awiri a merle akakwerana, mwana mmodzi pa anayi alionse amatenga chibadwacho mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri otere amakhala ogontha kapena osaona.

Tinalipira chikole kuti tikhale oyamba kusankha.

Tsiku la 3

Abadwa 6, aakazi atatu ndi aamuna atatu, olemera kuyambira magalamu 290 mpaka 380. Tawapatsa maina ongowazindikirira. Aakazi ndi Kadontho, Masokosi ndi Mzime. Aamuna ndi Chipumi, Khosi ndi Bweya. Palibe chosankha pano. Tangopempha kuti aziyezedwa pa sikelo ya kukhitchini tsiku ndi tsiku, poti mwana wathanzi amawirikiza kawiri kulemera kwake pofika cha pa tsiku la 10, komanso kuti agone pa bulangete m'chipinda chosalowa mphepo. Masabata oyambirira kagalu sikatha kudzitenthetsa kokha, ndipo usiku wa Julayi kuno si wamasewera.

Sabata yachiwiri mpaka yachinayi

Maso anatseguka pakati pa tsiku la 11 ndi la 14. Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba pa masabata awiri, n'kubwerezedwa masabata awiri alionse mpaka a 8, chifukwa njoka zina zimalowa mwa ana akadali m'mimba mwa make, zina zimadzera mu mkaka.

Apa panalakwika. Ulendo woyamba mankhwala anaperekedwa mongoyerekeza ndi maso, mlingo umodzi kwa onse, pomwe Khosi ndi Bweya anali atawasiya anzawo patali pa kulemera. Pofika sabata yachinayi awiriwa anali ndi mimba zotupa ngati ng'oma, ubweya wosawala. Mankhwala anachepa kwa iwo. Onse anayezedwanso pa sikelo, ndipo a dokotala a ziweto analemba fenbendazole, mamiligalamu 50 pa kilogalamu iliyonse, masiku atatu otsatizana. Make nayenso anamwetsedwa. Patatha sabata mimba zinaphwa, nkhama zinabwerera kufiira kwake.

Tapemphanso kuti alendo asamagwire ana asanasambe m'manja, ndipo nsapato aziponda m'beseni la Jik pakhomo, kapu imodzi mu makapu 20 a madzi. Matope ayambe achotsedwa, chifukwa Jik sagwira ntchito pa dothi. Kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa a m'matumbo mwa ana agalu, kamakhala m'nthaka miyezi yambiri ndipo kamayenda ndi mapazi a anthu.

Sabata yachisanu: makutu ndi ubweya

Galu wokusa amalamulidwa ali kutali, ndiye makutu onse awiri ayenera kugwira ntchito. Kayezedwe kake: dikirani kagalu kagone tulo, mukapatule kwa anzake kuti kasatengere kudzuka kwa ena, muime kumbuyo kwake mamita awiri, muombe m'manja kamodzi. Musaponde pansi mwamphamvu ndipo musayandikire moti mphepo ya m'manja ikakhudze, chifukwa ngakhale kogontha kamamva kugwedezeka. Kenako mubwereze mutaima mbali ina.

Asanu anadzuka n'kutembenukira kumene kwachokera phokoso. Chipumi, wa mutu woyera pafupifupi wonse ndi diso limodzi labuluu, anadzuka ndithu, koma maulendo anayi pa asanu anatembenukira kumanzere ngakhale phokoso lichokere kumanja. N'chizindikiro cha khutu limodzi logontha, vuto limene limapezeka kwambiri mwa Border Collie a mitu yoyera. Chotsimikizira chenicheni ndi makina oyezera mitsempha ya makutu, koma kwa ife kukayika kokhako kwakwana. Pakhomo angakhale galu wabwino. Kudambo, mluzu ukalira, sadzadziwa kumene munthu waima. Tamuchotsa.

Ubweya wayamba kudziwika. Amene adzakhale ndi ubweya wautali amatuluka tinthenga kuseri kwa makutu: Bweya, Mzime ndi Chipumi. Ku dambo lathu chisoso chili mbwee, pamodzi ndi udzu uja wa mbewu zobaya zimene zimalowa pakati pa zala ndi m'makutu n'kuchita mafinya. Nkhupakupa nazo zimabisala bwino mu ubweya wautali. Bweya alibe cholakwa china chilichonse, ndi galu wokongola kuposa onse, koma tamuika kumbuyo pa chifukwa chimenechi.

Sabata ya 6: kwa a dokotala

Onse anapimidwa ndi kubayidwa katemera woyamba wa parvo, distemper ndi matenda a chiwindi. Katemerayu abwerezedwa masabata atatu kapena anayi alionse mpaka masabata 16. Ena m'gulu anafunsa chifukwa chake tikulipira kangapo. Chitetezo chimene kagalu kamayamwa kwa make chimatchinga katemera kuti asagwire, ndipo chimatha nthawi zosiyana mwa mwana aliyense, ndiye jakisoni womaliza uja ndiye wotsimikiza. Tinaonetsetsa kuti katemera watuluka m'filiji yozizira bwino. Amafunika kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi, wogula pa kauntala n'kudzibayira wekha akhoza kukhala madzi chabe.

Maso anaunikidwa atathiridwa mankhwala okulitsa mboni. Pali vuto lobadwa nalo la mkati mwa diso limene agalu a mtundu wa collie amatengera kwa makolo, ndipo limaoneka bwino pakati pa masabata 5 ndi 8. Mukachedwa, mkati mwa diso mumada n'kubisa chilemacho. Onse ali bwino.

Mano: a m'mwamba azipsompsona a m'munsi ngati sizasi. Khosi mano ake a m'mwamba atsogola mamilimita atatu, ndipo tchende limodzi silinatsike. Zonse ziwiri zikhoza kudzikonza, koma palibe chifukwa choti tigule chiyembekezo pamene ena alibe vuto. Mzime ali ndi kachotupa pamchombo, kofewa, kakukula ngati nsawawa, kobwerera mkati ukakanikiza. Si koopsa.

Zikhulupiriro ziwiri zinatulukanso m'galimoto pobwerera. Yoti galu wa m'kamwa mwakuda ndiye wantchito ndi ya abusa akale a ku Ulaya, ndipo ilibe umboni. Yoti kagalu kazidyetsedwa tsabola kuti kakhale kolusa ndi yathu yomwe, ndipo taikana poyera: tikufuna galu wodekha, osati woluma nkhosa.

Sabata ya 7: kuyesa khalidwe

Tinapita masiku atatu, nthawi zosiyana, chifukwa kagalu kongodya kumene kamaoneka kaulesi ndipo kongodzuka kumene kamaoneka kolusa. Aliyense anatengedwa yekha kupita kuseri kwa shedi kumene sanafikeko. Woyesa anali oweta athu, poti ndi amene adzakhale naye. Ananjuta n'kuitana, anayenda kuona ngati atsatidwa, anakoka kasanza komanga pa chingwe, anaponya pepala lofinya, anagwetsa chivindikiro cha poto pa simenti mamita atatu kumbuyo, pomaliza ananyamula kagalu n'kugwira mapazi ndi makutu.

Pa chivindikiro chija sitinayang'ane amene sanadzidzimuke. Onse anadzidzimuka. Tinawerenga nthawi imene anatenga kuti mtima ukhale pansi. Mzime anathawira kunsi kwa wilibala n'kukhalako kupitirira mphindi ziwiri, masiku onse atatu. Kuno mvula imagwa ndi ziphaliwali, ndipo galu woopa phokoso amasiya nkhosa kuthengo n'kuthawira kunyumba. Tamuchotsa.

Anatsala awiri. Masokosi ndi moto. Anafika kwa oweta asanamalize n'kuitana komwe, analumpha pa sanza n'kuikutumula, pepala analitola n'kuthawa nalo kuseri kwa mgolo. Atanyamulidwa anaphiriphitha mpaka kumuika pansi. Chivindikiro chitagwa anachiuwa.

Kadontho anachita mosiyana. Ataitanidwa anayamba waima, n'kuyang'ana munthuyo kumaso, kenako anabwera mchira uli pansi ukugwedezeka. Sanza itakokedwa sanailumphire. Anatsitsa mutu, anaizungulira n'kukaima kutsogolo kwake, mwendo umodzi uli m'mwamba. Pepala analitola n'kubwera nalo theka la njira. Chivindikiro chitagwa analumpha, anatembenuka, ndipo tisanawerenge kufika pa 10 anali akuchinunkhiza.

Tisadzinamize: kuzungulira sanza si umboni woti adzakusa nkhosa. Pali agalu amene sayang'ana n'komwe nkhosa mpaka miyezi 10, kenako n'kudzakhala akatswiri. Mayesowa angotiuza amene ali wamantha ndi amene amakonda kukhala ndi munthu.

Sabata ya 8: chisankho

Pa kayang'anidwe ka ntchito, Masokosi akhoza kudzaposa Kadontho. Koma galu wotere amafuna munthu amene anaphunzitsapo agalu angapo, wodziwa kumuletsa pa nthawi yake. Oweta athu nkhosa amazidziwa kuposa tonsefe, koma uyu ndi galu wawo woyamba. Anafunsidwa kuti, “Bambo, inu mtima wanu uli pa uti?” Anayankha kuti pa amene amawayang'ana kumaso. Tatenga Kadontho, wolemera makilogalamu 4.1.

Poti ndi wamkazi, kawiri pa chaka adzakhala pa nyengo yofuna wamphongo, pafupifupi masabata atatu ulendo uliwonse, ndipo agalu oyendayenda a m'mapuloti adzasonkhana. Khola lake lamangidwa poganizira zimenezo: mamita awiri m'lifupi, atatu m'litali, simenti yotsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka, waya mpaka kudenga, ndi thabwa lokwera logonapo. Khomo la kanyumba lafulatira kum'mwera chakum'mawa, kumene kumachokera mphepo yozizira.

Tinalakwitsa malo. Kholalo linayang'anizana ndi la nkhosa, mamita 12 okha. Tsiku lachiwiri Kadontho anali atayamba kukhala pa waya n'kumangoyang'ana nkhosa. Galu wokusa akazolowera zimenezi amayamba kuthamanga m'mbali mwa waya ndi kuuwa, ndipo kwa mwana wa mayi wa diso lamphamvu chonchija n'kuthira mafuta pamoto. Tatchinga mbali imeneyo ndi malata awiri.

Sabata ya 9, pamene tafika

Akulemera makilogalamu 4.6. Akudya kanayi pa tsiku mpaka masabata 12, kenako katatu mpaka miyezi 6. Chakudya ndi cha ana agalu cha m'thumba, chomwe ankadya ku Marondera, ndipo ngati tisintha tidzasakaniza pang'onopang'ono kwa masiku 7. Nsima ndi nyama zokha ayi: mulibe mchere womanga mafupa wokwanira, ndipo miyendo imapindika. Mkaka wa ng'ombe umamutsegula m'mimba.

Pa shelefu ya mankhwala a nkhosa tamata pepala loti asagwiritsidwe ntchito pa galu. Ivermectin amene timabaya nkhosa ndi woopsa kwa agalu ena a mtundu wa collie chifukwa cha chibadwa chotchedwa MDR1. Mwa Border Collie sichipezeka kawirikawiri, koma Kadontho sanayezedwe, ndipo mlingo wa nkhosa ndi waukulu kwa kagalu kalikonse. Dibi wa amitraz nayenso ayi. Za nkhupakupa ndi utitiri tikupopera fipronil, ndipo madzulo alionse akufufuzidwa m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Nkhama zikayera, mkodzo ukada, kapena kutentha kukapitirira madigiri 39.5, ndi ulendo wa kwa a dokotala tsiku lomwelo, chifukwa biliary, matenda obwera ndi nkhupakupa, sachedwa kupha.

Mawu olamulira akuphunzitsidwa awiri okha pakadali pano, dzina lake ndi “bwera”, mphindi zitatu kawiri pa tsiku. Adzatsatira “gona” ndi “basi”. Galu alibe nazo ntchito kuti ndi Chichewa kapena Chishona, bola mawu akhale aafupi, osafanana, ndipo onse m'gulu azinena amodzimodzi. Ozungulira nkhosa sitinagwirizanebe. “Kumanja” ndi “kumanzere” tawakana, chifukwa amayamba mofanana ndipo galu ali pa liwiro amanyamuka pa liwu loyamba. Komanso galu akafika kuseri kwa nkhosa, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwa munthu. Chimene amaphunzira ndi mbali yozungulirira nkhosa. Mwina tingotenga miluzu iwiri imene eni makolo ake amaimba.

Nkhosa sakumana nazo mpaka cha pa miyezi 6, ndipo ulendo umenewo udzakhala wa mphindi zochepa, ndi nkhosa zisanu zofatsa zopanda ana, m'bwalo lotchinga. Kagalu kakagundidwa ndi nkhosa ya mwana pa msinkhu uno kakhoza kuopa moyo wake wonse.

Katemera wachiwiri ndi sabata yamawa. Wa chiwewe, amene lamulo la dziko lino limafuna kwa galu aliyense, ndi pa masabata 12. Pakadali pano satuluka kunja kwa mpanda.

Chatsala osathetsedwa ndi nkhani ya mitu ya nkhosa. Pa pulotipo pali chizolowezi choponyera agalu mitu ndi zam'kati zosaphika tikapha. Umu ndi momwe imayendera njoka yaphanthiphanthi yotchedwa Taenia multiceps: galu amadya ubongo wa nkhosa yodwala, mazira amatuluka ndi chimbudzi chake n'kugwera pa msipu, nkhosa ina imadya, ndipo mu ubongo wake mumamera thumba la madzi limene limaichititsa kuzungulirazungulira mpaka kufa. Kadontho azidzayenda pa msipu tsiku ndi tsiku, ndiye azimwa praziquantel mwezi ndi mwezi, mamiligalamu 5 pa kilogalamu. Koma pa puloti yoyandikana nayo pali agalu ena atatu amene amadutsa dambo lomwelo. Awiri a m'gulu apita Loweruka kukakambirana ndi eni ake, atanyamula mapiritsi.